Nanga woyesayo amamuyesa ndani?

Juni wathayu ndidaperekeza azakhali anga kukagulitsa mtedza pamsika wina wa m'mbali mwa msewu ku Mchinji. Adali matumba atatu a mtedza wa mtundu wa CG7, woswa kale, umene iwo adaukhalira pamkeka sabata yathunthu akuchotsa wofota ndi wowola. Mnyamata wogula adakoleka sikelo yake panthambi ya mango n'kupachika thumba loyamba. Muvi utaima, azakhali adauyang'anitsitsa, kenaka n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Achimwene, sikelo yanuyi ili bwinobwino koma?"

"Mayi, musadandaule. Taonani apa, a boma adabwera kudzaiyesa, adamata kachidindo aka."

Kachidindoko kadalipodi, ngakhale kadali katayamba kufufutika ndi dzuwa. Tidagulitsa, poti fizi ya mwana inkadikira. Koma pobwerera, tikukankha njinga pachitunda, azakhali adandifunsa funso limene landikhala mumtima mpaka lero: "Iwe mwanangu, paja udapita kusukulu. Anthu a boma aja amabwera ndi miyala yawo yoyesera sikelo. Nanga miyalayo adaiyesa ndani?"

Yankho lake lilipo. Miyala ya a Malawi Bureau of Standards, bungwe la boma loona za miyezo, imayenera kuyerekezedwa ndi miyala ina yolondola kuposa iyo, imenenso idayerekezedwa ndi ina, ndipo chingwe chimenechi chimakathera ku muyezo wa kilogalamu umene maiko adagwirizana kudzera ku ofesi ya miyezo ya dziko lonse ku Sèvres, kufupi ndi Paris. Chingwecho chikaduka pena pake, kilogalamu ya ku Mchinji imasanduka kilogalamu ya mwini sikelo. Funso la azakhali silithera pa sikelo. Likukhudza labotale imene imayeza magazi anu, imene imanena kuti madzi a pachitsime ndi abwino kumwa, imene imayesa simenti ndi feteleza, komanso bungwe lililonse limene limadinda chidindo pabotolo la mafuta ophikira kunena kuti ndi abwino. Onsewa ndi oyesa, ndipo timawakhulupirira osawaona. Ntchito yoyesa oyesawa ndi imene pa Chingerezi amaitcha accreditation, ndipo ine ndiziitcha chivomerezo. Maganizo anga ndi akuti chivomerezo n'chofunika kwambiri kuposa mmene a Malawi timaganizira, koma chimakhala ndi phindu pokhapokha wochiperekayo akamatha kukana, kudzidzimutsa ndi kulanda. Akapanda kutero, pepala lake ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni titenge mtedza womwewo, poti ndi umene timaudziwa. Mtedza ukagwira chuku umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa. Saoneka ndi maso, ndipo kukazinga sikumuchotsa yense. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu ukapitirira mamaikologalamu 4 pa kilogalamu imodzi, kutanthauza magawo 4 pa magawo 1 biliyoni. Wogula wa ku Rotterdam, ku Netherlands, sangabwere kudzalawa mtedza ku Kanengo. Amadalira pepala lochokera ku labotale. Tsono kodi pepala la labotale ya ku Blantyre aliwerengere bwanji munthu amene sadafikeko ku Blantyre?

Apa ndi pamene bungwe lopereka chivomerezo limalowa. Labotale ikapempha, bungwelo limayamba lawerenga mabuku ake onse ofotokoza mmene imagwirira ntchito, n'kuwayerekeza ndi malamulo a ISO/IEC 17025, omwe ndi muyezo wa malabotale oyesa zinthu padziko lonse. Za kuchipatala zili ndi muyezo wakewake, ISO 15189. Kenaka limatumiza ounika, ndipo pakati pawo pamayenera kukhala katswiri wa ntchito yeniyeniyo, munthu amene adayesapo aflatoxin ndi manja ake. Iyeyu amaima pambali pa wogwira ntchito n'kumaonerera: wapera bwanji sampulo, wayeza bwanji, mankhwala akewo adatha mphamvu kapena ayi, sikelo yake idachunidwa liti ndipo adaichuna ndani. Amatha kutola lipoti limodzi la chaka chatha n'kulilondola chobwerera, kuyambira pa siginecha mpaka pa tsiku limene thumba lidalowa pakhomo. Chilichonse chimene chapezeka chopotoka chimalembedwa, ndipo labotale imayenera kuonetsa umboni woti yakonza isanalandire kanthu. Amene amagamula zopereka chivomerezo sakhala anthu omwe adapita kukaunika aja. Chikaperekedwa, ounika amabwerabwera, ndipo pakapita zaka zinayi kapena zisanu zonse zimayambiranso pachiyambi.

Mbali imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya mayeso a chimbulimbuli. Bungwe lina lapadera, monga Fapas ya ku York ku England, limapera ufa umodzi, kuusakaniza bwino, n'kuugawa ku malabotale ambiri m'maiko osiyanasiyana osawauza kuti muli poizoni wochuluka bwanji. Aliyense ayese, atumize yankho. Ngati anzako onse apeza pafupifupi 10 iwe n'kupeza 2, palibe chonamizira, vuto lili kwa iwe, ndipo ounika akadzabwera adzafuna kuona chimene udachitapo. Palibe njira ina yachilungamo yoposa imeneyi yodziwira ngati labotale imanena zoona, chifukwa ufa suopa bwana ndipo sulandira chiphuphu.

Mabungwe opereka masatifiketi, aja amalowa m'mafakitale n'kunena kuti kampani iyi ikutsata ISO 9001, muyezo wa kayendetsedwe kabwino ka ntchito, kapena kuti katundu uyu ndi woyenera chidindo, nawonso ali ndi miyezo yawo, ISO/IEC 17021-1 ndi ISO/IEC 17065. Pa iwowa wounika amaperekeza ogwira ntchito awo kufakitale n'kukhala chete pakona, maso ali pa woyenderayo osati pa fakitale, kuti aone ngati amafunsa mafunso olasa kapena amangomwa tiyi ndi bwana n'kusaina. Ndipo opereka chivomerezo eni akewo amaunikidwa ndi anzawo a maiko ena potsata ISO/IEC 17011. Ndi kuunikana kumeneku kumene kumachititsa kuti pepala la kuno likalandiridwe kutsidya kwa nyanja popanda kuyesanso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna aliyense wowerenga atenge, makamaka inu amalonda ndi inu ogulira boma katundu. Chivomerezo sichiperekedwa kwa nyumba yonse. Chimaperekedwa pa ntchito zotchulidwa maina. Satifiketi imakhala ndi mndandanda kumbuyo kwake wonena kuti labotale iyi ndi yovomerezeka kuyesa chakuti, mu zinthu zakuti, pogwiritsa ntchito njira yakuti. Labotale yovomerezeka kuyesa aflatoxin mu mtedza sikuti ndi yovomerezekanso kuyesa mankhwala ophera tizilombo mu tiyi. Ndidaonapo ndekha, paofesi ina imene sinditchula, satifiketi yokongola itapachikidwa mufelemu pakhoma, ndipo nditapempha mndandanda wake mayi wa pa kauntala adandiyang'ana ngati ndawatukwana. Utabwera, zimene ndinkafuna kuyezetsa mudalibemo. Sadandinamize ndi pakamwa. Khoma ndi limene lidandinamiza, ndipo anthu ambiri amabwerera pakhoma pomwepo atakhutira.

Tsopano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa. Mu ntchito yonseyi, woyesedwa ndi amene amalipira womuyesa. Fakitale imalipira labotale, imalipiranso bungwe la satifiketi, ndipo awiriwa amalipira bungwe la chivomerezo. Palibe amene amafuna kukhumudwitsa kasitomala. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kasitomala wamkulu amakhaladi pamkhate.

Amene akuganiza kuti vutoli ndi la maiko osauka okha akumbukire za Grenfell Tower. Pa 14 Juni 2017 nyumba yosanja ka 24 ku London idayaka, ndipo anthu 72 adafa. Moto udathamanga ndi zophimba za kunja kwa makoma, zinthu zimene zidali ndi mapepala ake oziyenereza. Kafukufuku amene adatsogolera Sir Martin Moore-Bick adatulutsa lipoti lake lomaliza mu Sepitembala 2024. Lipotilo lidapeza kuti makampani opanga zophimbazo adachita chinyengo pa mayeso ndi pa malonda. Lidadzudzula British Board of Agrément, bungwe limene linkapereka masatifiketi, komanso Building Research Establishment, kumene mayeso ena a moto ankachitikira, imene idachoka m'manja mwa boma mu 1997 n'kuyamba kudzipezera yokha ndalama. Koma lidakweranso pamwamba n'kudzudzula UKAS, bungwe la chivomerezo la dziko la Britain, kuti kauniuni wake sadali wakuya ndipo linkadalira kwambiri kuona mtima kwa anthu omwe linkawaunikawo. Ganizirani bwino mfundo imeneyi. Makwerero onse adalipo, aliyense ndi chidindo chake, ndipo ana adapsa ali m'zipinda zawo.

Nkhani ya kampani ya ku France yotchedwa PIP imaonetsa pamene pamabowoka kawirikawiri. Kampaniyi inkapanga zoika m'mawere a amayi pogwiritsa ntchito silikoni wa m'mafakitale m'malo mwa wovomerezeka kuchipatala, mpaka zidaululika mu 2010. Oyendera ankabwera ndithu, koma ankayamba anena tsiku, ndiye zobisa zinkabisidwa. Mwini wake, Jean-Claude Mas, adagamulidwa kukakhala kundende zaka 4 mu 2013, ndipo pambuyo pake European Union idalamula kuti oyendera opanga zipangizo za kuchipatala azifikanso mosalengeza. Aliyense amene adaphunzira sukulu ya pulayimale kwathu kuno akudziwa chimene chimachitika kukamveka kuti alangizi akubwera Lachinayi: bwalo limaseseredwa, maluwa amathiriridwa, mabuku okonzekera maphunziro amalembedwa usiku umodzi. Labotale ndi chimodzimodzi. Mnzanga wina wogwira ntchito ya zoyesayesa adandiuza kuti chinthu choyamba chimene wounika wanzeru amayang'ana ndi kapepala komata pafiriji, kolembapo kazizidwe ka tsiku ndi tsiku. Akaona mwezi wathunthu walembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, nambala yomweyomweyo, ngakhale masiku amene magetsi adazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amadziwa kuti kadalembedwa dzulo.

Ndiye ine ndikuti kuyendera kosalengeza kusakhale kwa apo ndi apo, pokhapokha wina akadandaula. Kukhale chizolowezi. Ndikutinso labotale ikaimitsidwa kapena kulandidwa chivomerezo, nkhaniyo ifike kwa anthu amene amaigwiritsa ntchito, m'chilankhulo chimene amamva, pawailesi ndi m'nyuzipepala, osangoti pa tsamba la pa intaneti limene amalidziwa ndi akatswiri okha.

Kwathu kuno zinthu zili chonchi. Malawi alibe bungwe lakelake la chivomerezo. South Africa ili ndi SANAS, Mauritius ili ndi MAURITAS, ndipo maiko ena a SADC, kuphatikizapo ife, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, adagwirizana zokhala ndi limodzi, SADCAS, limene likulu lake lili ku Gaborone. Nthawi ndi nthawi ndimamva anthu ophunzira akunena kuti n'zochititsa manyazi, dziko loima palokha liyenera kukhala ndi lake. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo chifukwa changa si ndalama zokha. Akatswiri a zoyesayesa m'dziko muno ndi ochepa, ndipo amadziwana onse. Adaphunzira limodzi ku Chancellor College, ku Polytechnic kapena ku Bunda, amakumana pamaliro ndi paukwati, wina adali mphunzitsi wa mnzake. Kodi munthu angalembe kuti labotale ya amene adamuphunzitsa itsekedwe, mawa lake n'kukakumana nawo kutchalitchi? Alipo olimba mtima otero, koma dongosolo labwino silimangidwa podalira kuti aliyense adzakhala wolimba mtima. Wounika wochokera ku Windhoek kapena ku Harare alibe ngongole ndi munthu kuno. Akatswiri athu nawonso aphunzitsidwe kuunika, apite akaunike kwa anzathu, awo abwere kwathu.

Diso lakunjali likufunika kwambiri tikayang'ana mmene Malawi Bureau of Standards idakhalira. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lasenza zambiri: limalemba miyezo, limayesa katundu m'malabotale ake, limapereka chidindo, limayendera katundu wolowa m'dziko, limayesa masikelo ndi mapampu a mafuta, komanso limalanda katundu woipa m'mashopu. Sindikunena kuti anthu ake ndi achinyengo. Ndikunena kuti bungwe limene limalemba mayeso, kuchonga, n'kulengeza zotsatira lokha liyenera kukhala loyamba kupempha munthu wapadera kuti adzalione. Lidayamba kale kutero, ndipo ntchito zake zina zili ndi chivomerezo cha SADCAS. Zimenezo n'zoyamika. Chofunika tsopano n'chakuti mndandandawo ukule mpaka ufike pa zinthu zonse zimene Mmalawi amadya ndi kumwa tsiku ndi tsiku, ndipo aphungu athu, pokambirana bajeti, azifunsa kuti ndi mayeso angati amene alowa pamndandanda chaka chino.

Chinanso chimene sindingafune kuti tichitengere ndi mpikisano pakati pa opereka chivomerezo. Ku America alipo angapo ndipo labotale imasankha. Ku European Union lamulo la mu 2008 lidati dziko lililonse likhale ndi limodzi lokha, losafuna phindu, losapikisana ndi lina. Pa nkhani iyi a ku Ulaya adaganiza bwino. Mpikisano ndi wabwino pogulitsa tomato. Pa ntchito younika, woyesedwa akapatsidwa mwayi wosankha amathamangira kwa wofewa, ndipo wokhwima amatsala wopanda makasitomala.

Pali dandaulo limene ndimalimva ndipo sindingalikankhire kumbali. Chivomerezo n'chodula. Ounika amafuna tikiti ya ndege ndi malo ogona, mayeso a chimbulimbuli aja amalipiridwa ndi ndalama zakunja, mankhwala oyerekezera nawo amaitanitsidwa kunja, ndipo tonse tikudziwa mmene dola ikuvutira kupeza. Makina akawonongeka, wokonza amachokera ku Johannesburg. Labotale yaing'ono ya pachipatala cha boma, imene nthawi zina imasowa ndi magolovesi omwe, kuiuza za ISO 15189 kumamveka ngati kunyoza. Ena amawonjezera kuti zonsezi zimangochulukitsa mapepala, anthu n'kumatha nthawi akudzaza mafomu m'malo moyeza odwala. Gawo lina la dandauloli ndi loona, ndipo n'chifukwa chake njira ya nyenyezi imene World Health Organization idayambitsa m'maiko a mu Africa, yokweza labotale pang'onopang'ono kuchoka pa nyenyezi imodzi kufika pa zisanu, ndi yanzeru. Koma nyenyezi ndi makwerero opita ku chivomerezo, si pofikira. Ndipo tikamawerenga mtengo wa kuyesa bwino, tiwerengenso mtengo wa kusayesa. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 adafa atadya chimanga cha aflatoxin. Ku Gambia mu 2022 ana pafupifupi 70 adafa ndi impso atamwa mankhwala a chifuwa ochokera kunja, ndipo masampulo adachita kutumizidwa kumaiko ena kuti poizoni wake adziwike. Kwa anansi athu ku Zambia mu 2024, chimene chidachenjeza boma za aflatoxin mu ufa ndi imfa za agalu pafupifupi 400. Dziko siliyenera kumva kuchokera kwa agalu kuti ufa wake waipa.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwenikweni. Nthawi zonse tikamakamba za chivomerezo timakamba za malonda akunja: mtedza wathu ukalowe ku Ulaya monga unkalowera kale, makadamiya ndi tiyi zisabwezedwe padoko. Zimenezo n'zofunika. Koma taganizani kumene umapita mtedza umene wasankhidwa kuti sungadutse malire. Sutayidwa. Wofota uja, wothyoka uja, umene ena adauwaza madzi kuti usweke msanga n'kuuika m'thumba usadaume, umagulitsidwa motchipa, umasinjidwa, n'kukhala nsinjiro zotendera nkhwani ndi zothira m'phala la mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Tikamasankhira mzungu wabwino, poizoni amaunjikana mu wotsalawo, ndipo wotsalawo ndi wathu. Labotale yovomerezeka ikumatumikira kontena yopita ku Beira, pamene chiponde cha m'kabotolo kopanda dzina pagolosale sichidaonepo labotale chiyambire.

Pa aflatoxin palinso msampha wina umene ounika ayenera kuulondola mpaka kumunda. Poizoniyu safalikira mofanana m'thumba. Njere zochepa zoipitsitsa zimatha kuipitsa mulu wonse, ndipo ukatapa dzanja limodzi pamwamba ukhoza kuziphonya zonse. N'chifukwa chake malamulo a malonda amafuna kuti pa mulu waukulu atape malo ambirimbiri mpaka sampulo ifike makilogalamu 20. Labotale ikhoza kukhala ndi makina abwino kwambiri ndi satifiketi yowala, koma ngati mwini katundu ndi amene wadzisankhira kathumba kokayezetsa, yankho lake likunena za kathumbako basi. Choncho amene amatapa sampulo nayenso ayenera kukhala pansi pa diso lomwelo, ndipo lipoti lizinena poyera kuti adatapa ndani.

Pempho langa likupita kwa a unduna wa zamalonda, a unduna wa zaumoyo ndi aphungu a m'makomiti oona za maunduna amenewa. Ndalama zolipirira chivomerezo cha malabotale a boma zikhale ndi mzere wakewake mu bajeti, pamodzi ndi ndalama zakunja zogulira mankhwala ndi kulipirira mayeso a chimbulimbuli, kuti zisamadikire mabungwe othandiza amene pulojekiti yawo ikatha zonse zimaima. Boma likamagula ufa wa phala la ana asukulu, chiponde cha ana onyentchera, feteleza kapena mankhwala, lizilandira lipoti lochokera ku labotale yovomerezeka pa mayeso omwewo, ndipo wogulayo aziona mndandanda ndi maso ake. Ndipo kamodzi pa chaka, nyengo yokolola ikatha, anthu otapa masampulo alowe m'misika ya Lizulu, Jenda, Limbe ndi Mchinji osalengeza, agule nsinjiro, chiponde ndi ufa monga amagulira mayi wina aliyense, akayezetse, ndipo zotsatira zake ziwerengedwe pawailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.